Fomu 2553: pepala lochepetsa msonkho ku America lomwe silidziwa chibale

Sabata ino tisiye kaye mitengo ya chimanga, soya ndi nandolo, tiwoloke nyanja. Amalawi amene ali ku America, m'mizinda ngati South Bend ku Indiana, Seattle ku Washington ndi Dallas ku Texas, si onse amene amadikira malipiro kwa abwana. Ena adatsegula makampani awoawo osamalira okalamba m'makomo, oyendetsa mathiraki kapena okonza m'maofesi. Ndipo mwa chikhalidwe chathu, munthu akamalembetsa kampani amakumbukira kwawo. Wina amaika dzina la mchimwene wake wa ku Lilongwe amene adagulitsa puloti kuti athandize mpamba, wina la mayi ake, wina la mkazi wake amene akudikirabe viza kuno.

Mutu umodzi susenza denga, n'zoona. Koma ku America kuli lamulo lina la msonkho lomwe silimva za chibale, ndipo munthu akhoza kulidziwa madzi atafika kale m'khosi. Nkhani yake yagona pa fomu yotchedwa Form 2553. Kampani yaing'ono imatumiza fomuyi ku IRS, bungwe lotolera misonkho lomwe tingati ndi MRA ya kumeneko, popempha kuti iziwerengedwa ngati S corporation.

Dzinali lidachokera ku Subchapter S, gawo la lamulo la misonkho lomwe lidakhazikitsidwa mu 1958 Dwight Eisenhower ali mtsogoleri wa dzikolo. Cholinga chake chidali kupeputsa mabizinesi aang'ono. Kampani wamba, yomwe amaitcha C corporation, phindu lake limadulidwa kawiri. Tiyerekeze kuti yapeza phindu la madola 100,000 pachaka. Boma lalikulu limatengapo 21 peresenti, mlingo womwe udayamba kugwira ntchito mu 2018, ndiye kuti madola 21,000 apita. Otsala 79,000 akagawidwa kwa eni masheya, nawonso amakhoma msonkho, womwe kwa anthu opeza pakatikati ndi 15 peresenti, madola enanso 11,850. Pa 100,000 paja pachoka 32,850.

Kampani ya S ndi yosiyana. Iyo payokha sikhoma msonkho wa phindu ku boma lalikulu. Phindulo limangodutsa pakampani ngati madzi mumpopi n'kukagwera eni ake, aliyense malinga ndi masheya ake, ndipo aliyense amakhoma pa fomu yake ya msonkho kamodzi basi. Kampani ikaluza, kuluzako nakonso kumagawidwa kwa eni ake, ndipo kukhoza kuchepetsa msonkho wa ndalama zina zomwe apeza, malinga ndi kuchuluka kwa zomwe adaikamo.

Si kampani iliyonse imene ingapemphe. Iyenera kukhala yolembetsedwa ku America konko, ndipo eni masheya asapitirire 100. Mu 1958 malire adali anthu 10 okha, adakwera pang'onopang'ono mpaka kufika 100 ndi lamulo la 2004, ndipo anthu a banja limodzi akhoza kuwerengedwa ngati munthu mmodzi. Eni ake akhale anthu enieni, osati makampani ena, kupatulapo chuma cha masiye, mabungwe ena achifundo ndi mitundu ina ya matumba osungitsa chuma otchedwa trust. Makampani a inshuwalansi ndi mabanki ena saloledwa. Izi sizivuta munthu wa mathiraki awiri. Zovuta ndi ziwiri zotsalazi.

Choyamba, masheya akhale a mtundu umodzi. Kusiyana pa mphamvu yovota n'kololedwa, koma pogawana ndalama sheya iliyonse ilandire mofanana ndi inzake. Ngati wina ali ndi 60 peresenti, wina 40, pogawana madola 10,000 ndi 6,000 ndi 4,000. Pangano lakuti "uyu ayambe watapa mpamba wake, zotsala tigawane pambuyo" likalembedwa m'malamulo a kampani, IRS ikhoza kuliona ngati mtundu wachiwiri wa masheya. Amene adayamba ngati LLC asamale kwambiri apa, chifukwa mapangano ambiri a LLC amene anthu amangokopera pa intaneti amakhala ndi mawu otere.

Chachiwiri ndi chomwe chatilembetsa nkhaniyi. Pasakhale mwini sheya ngakhale mmodzi amene ndi nonresident alien, kutanthauza munthu amene si nzika ya America komanso sawerengedwa ngati wokhala m'dzikolo pa nkhani ya msonkho. Mchimwene wanu wa ku Area 25 ali m'gulu limeneli. Mayi anu a ku Ntcheu chimodzimodzi. Lamuloli siliyang'ana kukula kwa gawo: sheya imodzi mwa 1,000 ndi yokwanira kulepheretsa kampani yonse.

Izi sizikutanthauza kuti Mmalawi sangakhale ndi kampani ya S. Amene ali ndi green card amaloledwa. Amene alibe green card akhoza kuwerengedwa ngati wokhala m'dzikolo potengera masiku: akhale ku America masiku osachepera 31 chaka chino, ndipo masiku onse akwane 183 mukaphatikiza masiku onse a chaka chino, gawo limodzi mwa magawo atatu a masiku a chaka chatha, ndi gawo limodzi mwa magawo 6 a masiku a chaka cha dzana. Koma ophunzira amene adalowa ndi viza ya F-1 masiku awo sawerengedwa kwa zaka zisanu zoyamba. Choncho mphwanu amene akuphunzira pa koleji ya tauni yomweyo, mukudya naye nsima mbale imodzi tsiku lililonse, kwa IRS akhoza kukhala mlendo ngati wa kumudzi yemwe uja.

Palinso msampha wina womwe umakola mabanja otalikirana. Zigawo 9 za America zimatsata lamulo lakuti chuma chopezedwa muukwati ndi cha onse awiri: Arizona, California, Idaho, Louisiana, Nevada, New Mexico, Texas, Washington ndi Wisconsin. M'zigawo zimenezi mkazi kapena mwamuna wa mwini sheya amayenera kusaina nawo fomu ija, ngakhale dzina lake lisaoneke pa satifiketi ya masheya. Tsono ngati mkaziyo ali ku Malawi ndipo lamulo likumupatsa gawo pa masheyawo, kampaniyo ili kale ndi mwini wachilendo, mwini wake osadziwa. Bambo amene ali ku Seattle kapena ku Dallas banja lili kuno afunse loya kapena akauntanti wodziwa za misonkho asanasaine chilichonse. Wa ku South Bend zimenezi sizimukhudza mofanana, poti Indiana mulibe pamndandandawu.

Tsiku lake silisuntha

Fomuyi ndi yaifupi. Mumalembapo dzina ndi keyala ya kampani, chigawo ndi tsiku lomwe idalembetsedwa, nambala yake ya msonkho yotchedwa EIN, tsiku lomwe mukufuna kuti dongosolo la S liyambe, ndi chaka cha msonkho chomwe mwasankha. EIN imapezeka ulere ku IRS, pa intaneti kapena pa Form SS-4, ndiye musalipire aliyense amene akuti akugulitsani nambalayo. Kenako pamabwera mndandanda wa eni masheya: dzina, keyala, nambala ya Social Security, kuchuluka kwa masheya, tsiku lomwe adawapeza, ndi siginecha. Onse asaine. Pano sipayendera kuchuluka kwa mavoti. Mmodzi akakana kapena kuiwalika, pempho silidakwane. Mkulu wa kampani, kaya pulezidenti kaya msungichuma, amasainanso m'malo mwa kampaniyo.

Kwa amene atsata chaka cha Januwale mpaka Disembala, monga amachitira pafupifupi onse, kutumiza fomuyi kulibe malipiro. LLC imene ikufuna dongosolo la S siyenera kuyamba yatumiza Form 8832. Fomu ya 2553 ikafika panthawi yake imagwira ntchito zonse ziwiri.

Nthawi yake ndi iyi: pasadutse miyezi iwiri ndi masiku 15 kuchokera pomwe chayambira chaka cha msonkho chomwe mukufuna, kapena tsiku lililonse m'chaka cha m'mbuyo mwake. Kwa kampani yakale yotsata Januwale mpaka Disembala, tsiku lomaliza ndi 15 Malichi, ndipo likagwera Loweruka kapena Lamulungu limasunthira tsiku lantchito lotsatira. Mudzamva ena akunena kuti ndi "masiku 75". Musawerengere choncho, chifukwa miyezi sifanana kutalika ndipo IRS imawerenga miyezi.

Kwa kampani yatsopano m'pomwe anthu amasokonezeka. Chaka chake choyamba sichidikira kasitomala woyamba. Chimayamba tsiku lomwe kampaniyo yakhala ndi eni masheya, kapena yakhala ndi katundu, kapena yayamba bizinesi, chilichonse mwa zitatuzi chomwe chachitika choyamba. Kuika madola 500 mu akaunti ya kampani kubanki ndi kukhala ndi katundu kale, wotchi yayamba kuyenda. Chitsanzo chomwe IRS imapereka ndi cha kampani yoyamba pa 7 Januwale: miyezi iwiri imatha pa 6 Malichi, kuwonjezera masiku 15 ndi 21 Malichi. Chodabwitsa n'chakuti kufulumira nakonso kumaononga. Kampani yomweyo ikatumiza fomu pasanafike pa 7 Januwale, pempho lake ndi lopanda ntchito, chifukwa panthawiyo idalibe chaka cha msonkho.

Tibwerere kwa mchimwene wa ku Area 25 uja, poti tsiku ndi dzina lake zimakumana apa. Tinene kuti mwawerenga nkhani ino mu Febuluwale, mwamuimbira foni, mwagwirizana, mwagula masheya ake pa 10 Febuluwale, ndipo fomu mwatumiza pa 1 Malichi. Mwatumiza panthawi yake, koma chaka chino mwachiphonyabe. Lamulo likuti kampani ikhale yoyenera tsiku lililonse kuchokera pa 1 Januwale mpaka tsiku lotumiza fomu. Popeza kwa masabata angapo munali mlendo, dongosolo la S liyamba Januwale wa chaka chamawa. Komanso aliyense amene adali ndi sheya m'masiku amenewo, ngakhale adagulitsa, amayenera kusaina kuti wavomereza. Ofuna kukonza mayina akonze Disembala asanathe.

Fomuyi imapita pa positi kapena pa fakisi ku ofesi ya IRS ya ku Kansas City, Missouri, kapena ya ku Ogden, Utah, malinga ndi chigawo chomwe kuli kampani yanu. Inde, fakisi, makina omwe kuno ambiri tidawaiwala. Sungani umboni: lisiti la positi ya certified mail kapena kapepala kosonyeza kuti fakisi yadutsa. IRS imayankha pafupifupi m'masiku 60, ndipo ikavomera imatumiza kalata yotchedwa CP261. Miyezi iwiri ikadutsa kuli zii, imbani foni, musangoganiza kuti kukhala chete ndi kuvomera. Kalata ya CP261 muisunge ngati mmene mumasungira chikalata cha malo, chifukwa banki yokongoza ndalama kapena munthu wofuna kugula kampani yanu adzaifunsa.

Ochedwa ali ndi khomo lolowera. Ndondomeko yotchedwa Rev. Proc. 2013-30 imalola kutumiza fomuyi mochedwa, bola pasadutse zaka zitatu ndi masiku 75 kuchokera tsiku lomwe mumafuna kuti dongosololi liyambe. Pamwamba pa fomu mumalemba kuti mukutumiza motsata ndondomekoyi, mumafotokoza chifukwa chomveka chomwe mudachedwera, ndipo eni masheya onse amatsimikiza kuti zaka zonsezo akhala akulemba misonkho yawo ngati kuti kampaniyo ndi ya S kale. Koma khomo limeneli ndi la ochedwa okha. Silichiritsa kampani yomwe idali yosayenera chifukwa cha mwini wachilendo.

Walira mvula walira matope

Chomwe chimakopa ambiri ku kampani ya S si msonkho wa phindu wokha. Munthu wodzilemba yekha ntchito, kaya kudzera mu LLC, amakhoma 15.3 peresenti ya Social Security ndi Medicare pa pafupifupi phindu lake lonse. Pa phindu la madola 100,000 ndi ndalama zoposa pang'ono 14,000. M'kampani ya S, msonkho umenewu umagwa pa malipiro okha. Mwini akadzilipira madola 60,000 pachaka, 15.3 peresenti yake ndi 9,180, ndipo zotsala amatenga ngati gawo la phindu popanda msonkho umenewu. Apulumutsa pafupifupi madola 5,000.

Ena ataona izi amati ndiye ndidzilipire zochepetsetsa. IRS imawadziwa. Lamulo limafuna kuti mwini amene akugwira ntchito m'kampani alandire malipiro oyenera ntchitoyo asanatape phindu. Mu 2012 khoti la apilo lidagamula mlandu wa akauntanti wina wa ku Iowa amene amadzilipira madola 24,000 pachaka kwinaku akutenga pafupifupi 200,000 ngati phindu. Khotilo lidagwirizana ndi IRS kuti malipiro ake oyenera adali madola 91,044, ndipo adakhoma msonkho wotsalawo. Ngati akauntanti adakodwa, woyendetsa thiraki asadzinamize kuti achenjera kuposa apo.

Malipiro amabwera ndi mapepala ake: Form 941 miyezi itatu iliyonse, W-2 pakutha pa chaka, ndi kampani yoyendetsa malipiro yofuna kulipidwa mwezi uliwonse. Kampani ya S imatumizanso Form 1120-S pofika 15 Malichi chaka chilichonse ndi kupatsa mwini aliyense kapepala ka Schedule K-1 kosonyeza gawo lake. Kuchedwa kuli ndi chindapusa choposa madola 200 pa mwini aliyense mwezi uliwonse, mpaka miyezi 12, ngakhale kampaniyo isanapeze phindu. Kwa ine, bizinesi yomwe phindu lake silinapitirire malipiro omwe mwini wake akanalandira atalembedwa ntchito yomweyo kwina ilibe chifukwa chothamangira fomuyi. Zopulumutsazo zithera kwa akauntanti.

Chinanso chomwe chimadanitsa anthu: msonkho umagwa pa phindu lomwe kampani yapeza, osati lomwe mwalandira m'manja. Mwini wa 40 peresenti akhoma pa madola 40,000 mwa 100,000 aja ngakhale anzake atagwirizana kuti ndalama zonse zigulire thiraki ina. Pangano labwino limanena kuti chaka chilichonse kampani izigawa ndalama zokwanira kuti aliyense akhome msonkho wake.

Zonsezi ndi za boma lalikulu. Zigawo zili ndi zawo. California imadula kampani ya S 1.5 peresenti ya phindu, ndipo yochepetsetsa ndi madola 800 pachaka. Chigawo cha New York chimafuna fomu yakeyake, CT-6, pomwe mzinda wa New York sulabadira n'komwe dongosolo la S ndipo umadula kampaniyo ngati ina iliyonse.

Kuvomerezedwa si kutha kwa nkhani, chifukwa lamulo la eni masheya limagwira ntchito tsiku lililonse. Tsiku lomwe sheya yagwera m'manja mwa munthu wosaloledwa, dongosolo la S limatha tsiku lomwelo, popanda kalata yochenjeza. Kampani imabwerera ku msonkho wa 21 peresenti, ndipo singapemphenso kwa zaka zisanu pokhapokha IRS italola. N'zotheka kupempha chikhululukiro ngati zidachitika mosadziwa, koma njira yake imafuna maloya ndi ndalama zambiri. Choopsa n'chakuti vutoli likhoza kudziwika patapita zaka, IRS n'kufuna msonkho wa zaka zonsezo pamodzi ndi chiwongoladzanja.

Kwa Amalawi izi zimabwera m'njira ziwiri zomwe tonse timazidziwa. Yoyamba ndi kubwerera kumudzi. Amene adatenga unzika wa America akhoza kukapuma ku Mangochi masheya ali m'manja, palibe vuto, ndipo kuyambira pomwe Nyumba ya Malamulo idavomereza unzika wa mayiko awiri mu 2018 sayenera kutaya Umalawi wake. Koma amene wabweza green card, kapena amene amawerengedwa wokhala m'dzikolo chifukwa cha masiku okha, akabwerera amasanduka mlendo, ndipo amagwetsera anzake onse m'kampanimo. Yachiwiri ndi maliro. Mwini sheya akamwalira, chuma cha masiye chimaloledwa kusunga masheyawo pomwe akulongosola za wilo. Tsiku lomwe aperekedwa kwa ana kapena abale amene ali kuno, dongosolo latha. N'chifukwa chake maloya amalangiza pangano lakuti wina akamwalira kapena kuchoka m'dziko, kampani kapena otsalawo agule masheya ake, banja lilandire ndalama. Kuyambira 2018 mlendo akhoza kupindula kudzera mu trust ya mtundu wa ESBT, koma kuikhazikitsa ndi kuiyendetsa n'kokwera mtengo kwa bizinesi yaing'ono.

Nanga mchimwene amene adagulitsa puloti uja atani? Akhoza kukhala wokongoza osati mwini. Ngongoleyo ikhale yolembedwa, ya tsiku lobwezera ndi chiwongoladzanja chokhazikika chosadalira phindu, apo ayi IRS ikhoza kuiona ngati masheya obisika. Ngati banja likufunitsitsa kuti akhale mwini, kampaniyo iiwale za S. Mu C corporation amaloledwa, koma gawo lake la phindu limadulidwa 30 peresenti lisanatuluke m'dzikolo, poti Malawi ndi America alibe pangano lochepetsa msonkho umenewu. Mu LLC ya anthu angapo amaloledwanso, ndipo phindu limadutsabe kupita kwa eni ake, koma kampani imayenera kudula 37 peresenti pa gawo lake n'kutumiza ku IRS. Kuti abwezeredwe zomwe zapitirira, afunika nambala ya msonkho yotchedwa ITIN, yomwe amapempha pa Form W-7, ndipo chaka chilichonse azitumiza Form 1040-NR ali ku Lilongwe konko.